Kabokosi Kamene Anakatsuka ku Khonjeni

Ababa anathyola tiyi zaka zambiri asanawakweze kukhala kapitawo, ndipo pa zaka zonsezo sindinawamvepo akufotokoza kumene makolo awo anachokera. Tinkangodziwa kuti ndi kutsidya, ku Mozambiki, kuseri kwa mapiri. Ukawafunsa ankati, "Ukufuna ukatani kumeneko? Kuli sukulu?" Chilomwe ankayankhula ndi amama okha, makamaka akamatinena ife kapena akamakangana. Ana anatilera m'Chinyanja ndi m'Chingerezi cha m'mabuku, poti ankati pa esiteti munthu wokakamira Chilomwe amakalamba ndi dengu kumsana. Ine ndinawamvera. Ndinaphunzira mpaka kukhala kalaliki mu ofesi ya fakitale, pa esiteti yomweyo imene iwo anathera mphamvu zawo. Chilomwe changa ndi cha moni ndi chotukwanira basi.

Ndiye kunabwera dona wina wa ku yunivesite ya kunja, ndi kamera yake ya miyendo itatu, nati akufuna nkhalamba zimene zinagwira ntchito m'minda ya tiyi zimufotokozere mbiri yawo. Ababa anali atapuma kale ntchito, atatuluka m'komboni n'kukakhala kumudzi kwa amama, cha ku Khonjeni. Ndine amene ndinamulondolera donayo kwathu, ndipo mumtima ndinkaseka, ndikudziwa kuti akangowononga mafuta a galimoto. Koma ababa anavala jekete lawo la ku tchalitchi, nakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kuyankhula masiku anayi. Masiku anayi athunthu, munthu amene mwana wake akamufunsa ankayankha mawu atatu! Ankayankhula Chilomwe chokhachokha, wotanthauzira ali pambali. Ine ndinali ku ntchito. Linali dzinja, tiyi ataphuka kwambiri, ndipo nyengo imeneyo munthu wopempha tchuthi amamuyang'ana ngati wadwala mutu.

Loweruka nditafika kunyumba ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde.

"Ababa, mzungu mwamuuza zonse, ine mwana wanu ayi?"

"Zonse zili m'makina a donayo," anatero osadzutsa mutu. "Mudzi, mtsinje umene makolo anga anawoloka, mayina a amene anafika ndi a amene anatsala panjira. Ukadzafuna udzatsegula. Iweyo si wa makompyuta?"

Donayo sindimunamizira, anali woona mtima. Asanachoke anabwereranso kudzasiya kabokosi kakuda kokwana m'dzanja, ndi kachingwe kake kakafupi. Anati ndi hadi diraivu, ndipo muli mavidiyo onse a masiku anayi aja. Amama anakalandira ndi manja awiri, anakakulunga m'mpango, n'kukaika pansi pa sutikesi pamodzi ndi satifiketi ya ukwati. Kwathu chinthu chamtengo sichigwiritsidwa ntchito, chimasungidwa. Mbale zadothi zimene ababa analandira popuma ntchito zidakali mu kabati mpaka lero, kudikira alendo amene sitikuwadziwa. Amama sindiwaimba mlandu, ankachita zimene amadziwa. Koma ine, amene tsiku lililonse ndimakhala kutsogolo kwa kompyuta, ndinakasiya kabokosiko m'sutikesi zaka zitatu osakayesa n'komwe. Ndinkati mawa. Chilungamo chake ndinali nditanyanyala. Ndinkafuna kuti ababa adzandiuze okha ndi pakamwa pawo, osati kudzera m'makina a mlendo.

Sanandiuze. Anadwala chibayo nthawi ya chiperoni, masiku aja amene nkhungu imakuta minda ya tiyi mpaka othyola osaoneka, ndipo pasanathe sabata tinawaika m'manda.

Patapita chaka tinagwirizana zomanga chiliza. Achimwene anga, amene ndi oyamba kubadwa ndipo amayendetsa thirakitala yonyamula tiyi pa esiteti ina, ndi amene anabweretsa ganizo lakuti pa tsiku loonetsa chilizacho anthu adzawaonere ababa akuyankhula. Anatumiza mawu kwa abale a ku Goliati ndi a ku Thekerani kuti adzabwere adzamve kumene tinachokera. Anauzanso mmisiri wolemba pa mwala kuti asiye mzere umodzi pansi pa dzina, woti tidzalembepo mudzi wa makolo tikaumva. Amama sanalowerere za mudzizo. Iwo ndi obadwira konkuno, ndipo ankati za kwawo kwa amuna awo ankangozimva mwapatalipatali. Anangoti, "Ine bola ndimuonenso akuyankhula."

Anamasula mpango uja n'kundipatsa kabokosi. Kunali kutatsala miyezi iwiri.

Mu ofesi mwathu muli chikalata pakhoma choletsa kulowetsa chilichonse cha kunja m'makompyuta a kampani. Ndinadikira nthawi ya nkhomaliro, anzanga atatuluka kukagula zitumbuwa pa geti, n'kulumikiza kachingwe kaja. Kagetsi kakang'ono kanayamba kuphethira, ndipo m'dzanja ndinamva kabokosi kakunjenjemera pang'onopang'ono. Kenaka pa sikirini panatuluka mawu a Chingerezi, akuti kabokosika sikangagwire ntchito pokhapokha kafomatidwe, ndipo kompyuta inandifunsa ngati ndikufuna kuti itero. Mwayi wake mawu amenewo ndinkawadziwa. Kufomata ndi kusesa zonse zili mkati. Ndinakana msangamsanga n'kuzula chingwe. Ndinayesa pa kompyuta ya mnzanga, koma iyo sinaone n'komwe kuti mwalowa kanthu.

Pa esiteti pamabwera amisiri ena a makompyuta kuchokera ku Limbe kamodzi pa mwezi, bambo wodekha amene sakonda zoyankhulayankhula. Ndinawakokera pambali n'kuwaonetsa. Anandifunsa kuti donayo ankagwiritsa ntchito laputopu yotani. Ndinati yoyera, yokhala ndi chithunzi cha chipatso cholumidwa pa chivundikiro.

"Ndi pamenepo," anatero. "Makina amenewo amasanja zinthu m'kabokosi mwa njira yawoyawo. Athu a mu ofesiwa sadziwa kuwerenga kasanjidwe kameneko, ndiye amangoganiza kuti mulibe kanthu kapena kawonongeka. Mavidiyo anu alimo bwinobwino. Musavomere kufomata, ngakhale ikufunseni kakhumi."

Anati ilipo pulogalamu imene imathandiza kuti makina awiriwa amvane, koma kuti aiike pa kompyuta ya kampani pafunika chilolezo cha ku likulu, ndipo ku likulu sangachipereke chifukwa cha maliro a kapitawo wakale. Njira yapafupi, anatero, ndi kupeza laputopu ya mtundu womwewo, kutsegulirapo kabokosi, n'kukopera mafayilo pa chinthu china chimene makina onse amachiwerenga. Ndinaseka ndekha mowawidwa. Ababa anayankhula chiyankhulo chimene ine sindimva, n'kuchitsekera m'kabokosi kamene kompyuta yanga siimva.

Laputopu ya chipatso cholumidwa pa esiteti yonse inalipo imodzi, ya amanijala. Zinanditengera masiku atatu kuti ndilimbe mtima. Amanijala si munthu wankhanza, ndi Mmalawi mnzathu, amapereka moni. Koma pa esiteti pali masitepe, ndipo kalaliki sakwera masitepe atatu kukapempha zinthu za kunyumba kwake. Nditawafotokozera anayang'ana kalendala yawo n'kunena kuti ndipite kunyumba kwawo Loweruka, teni koloko. Ndinakwera minibasi kupita pa boma kukagula fulashi yatsopano yokoperamo mafayilowo, yaikulu kuposa zonse zinali m'sitolomo, ndipo ndinaisunga m'pepala lake mpaka tsikulo.

Nyumba ya amanijala ili pamwamba pa chitunda, tiyi atazungulira mbali zonse, wosadzidwa bwino ngati mutu wa mwana wa sukulu. Ababa anagwira ntchito pansi pa chitunda chimenecho moyo wawo wonse, koma kapinga wa pamenepo sanamupondepo. Ine ndinazungulira kukagogoda ku khomo la kuseri, palibe amene anandiuza, miyendo inangodziwa yokha. Anandikhazika pakhonde. Amanijala anatuluka atavala kabudula ndi chipewa, makiyi a galimoto ali kale m'manja, laputopu ili kukhwapa. Sanandilole kuigwira. Analumikiza okha kabokosi, ndipo nthawi yomweyo, popanda funso lililonse, kanatseguka. Mafayilo anandandalika, asanu ndi anayi. Anadina imodzi ya pakati.

Ababa anatulukira pa sikirini. Jekete lija, mtengo wa mapeyala uja, nkhuku ya amama ikudutsa kumbuyo. Anali atatambasula dzanja lamanzere, akupinda zala chimodzichimodzi ndi dzanja lamanja, ndipo pa chala chilichonse ankatchula mawu n'kupuma. Ndinazindikira kuti ndi mayina a anthu. Pa chala chachinayi anaima nthawi yaitali, n'kuyang'ana pansi. Sindinagwire dzina ngakhale limodzi. Misozi inali itatseka maso ndi makutu omwe, ndipo ndinkati palibe chothamangira, ndikamvetsera bwino kunyumba ndi amama.

Amanijala anaimitsa vidiyo n'kuyang'ana wotchi. "Fulashi ija ili kuti, mayi?"

Anailowetsa, anakoka fayilo yoyamba kuti igwere mu fulashi. Laputopu inakana. Inati fayiloyo ndi yaikulu kwambiri.

"Bwana, koma fulashiyo ndi yatsopano, mulibe kanthu," ndinatero.

"Malo alimo, inde," anayankha. "Koma mafulashi amenewa amabwera ndi kasanjidwe kakale. Fayilo imodzi ikapitirira mlingo wina wake siilowa, ngakhale mkati muli mbee."

Anayesa yachiwiri, inakana. Yachitatu chimodzimodzi. Pomaliza anawasankha onse pamodzi, ndipo pa mafayilo asanu ndi anayi inalowa imodzi yokha, kakang'ono kwambiri pa onsewo. Anati fulashiyo ikufunika kuisanja mwatsopano, si ntchito yovuta, koma kukopera kokhako kutenga maola, ndipo anzawo akuwadikira ku kalabu. "Tidzapange sabata yamawa." Anazula kabokosi n'kundipatsa.

Ndinkadziwa choti ndinene. Ndikanati, bwana, bwanji mungokopera pa laputopu yanuyo, akhale pamenepo mpaka sabata yamawa? Kapena, ndisiyireni pakhonde pano, mlonda aziniyang'anira, ndikopere ndekha. Iwonso sanaganizeko. Ndinathokoza kawiri, ndikuwomba m'manja, n'kutsika chitunda chija. Mpaka lero ndikakumbukira kuthokoza kumeneko ndimadzida.

Sabata yotsatira kunabwera alendo odzayendera fakitale, ndipo esiteti yonse inali kalikiliki kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu. Sabata inayo amanijala anapita ku tchuthi cha mwezi, laputopu yawo n'kupita nayo. Ndinabweza kabokosi m'sutikesi mwa amama kuti kasasowe, ndipo pofotokozera a kunyumba ndinangoti, "Kakuvuta pang'ono, makompyuta athu sakukatsegula. Tidikire amanijala abwere." Za kufomata sindinanene. Ndinaona ngati n'kutaya nthawi kufotokozera woyendetsa thirakitala za kasanjidwe ka mafayilo. Kunyada kumeneko ndi kwanga, sindingakukankhire kwa wina.

Achimwene anaseka. "Sukulu yonse ija, achemwali, kabokosi kakang'onong'ono aka kakukanikani? Anthu ndawaitana kale ine. Mukufuna ndichite manyazi?"

"Achimwene, musakagwire. Ndikudziwa chimene ndikuchita."

"Eya, madamu a mu ofesi."

Lachitatu, ine ndili ku ntchito, anapita kwa amama n'kukapempha. Amama anawapatsa. Akanawakaniza bwanji mwana wawo woyamba, amene akuti akudziwa munthu woti akatsegula lero lomwe?

Pa Khonjeni pali bambo wina woika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mamemore khadi. Kashopu kake kali pakati pa telala ndi wogulitsa nyama ya mbuzi, sipika ili panja kulira tsiku lonse. Ndi munthu wamkulu, wa ana ake, ndipo m'dera lonselo ndi amene amatchedwa katswiri wa makompyuta. Achimwene anakamupatsa kabokosi, ndipo apa ndi pamene panagona nkhani. Sanamuuze kuti muli chiyani. Kwathu za m'banja sizinenedwa pa msika, makamaka za akufa. Mayina a makolo satchulidwa pamene pali anthu ongokhala pa benchi kumvetsera, poti sudziwa amene angawatole n'kukawagwiritsa ntchito yoipa. Ndiye achimwene, posamala ulemu wa ababa, anangoti, "Aka sikakutseguka. Mukatsegule, ndidzatenga Loweruka."

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinapita kwa amama monga mwa nthawi zonse. Ndinapeza achimwene atakhala pa mpando wa ababa, pa tebulo pali laputopu yobwereka kwa aphunzitsi ena a pa sukulu ya pulayimale. Amama anali atayala mphasa kutsogolo kwa tebulolo, atasintha chitenje n'kuvala chatsopano.

"Achemwali, bwerani mudzaone zimene zinakukanikani," anatero achimwene. "Katseguka. Ndakudikirani kuti tionere limodzi."

Nditaona kabokosi kali pa tebulo, kachingwe katalumikizidwa ku laputopu wamba ngati za ku ofesi kwathu, ndinasendera pafupi. Kanali katatsegukadi. Munali mafoda ambirimbiri, olembedwa bwino: nyimbo za kwaya, nyimbo za ukwati, maulaliki, mafilimu a ku Nigeria, mafilimu a karate. Ndinatsegula foda iliyonse. Ndinatsikira pansi, ndinakwereranso pamwamba. Ndinalemba dzina la ababa pofufuzira, kompyuta inati palibe.

"Ali mkati momwemo," anatero achimwene, mawu atayamba kuchepa. "Mwina ali pansi pa nyimbozo. Wangowonjezerapo zoti anthu adzasangalale."

Sindikumbuka zonse zimene ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinawatukwana m'Chilomwe, achimwene anga, pamaso pa amama, tsiku la Mulungu. Amama sanadzudzule aliyense. Anadzuka, anapinda mphasa n'kuiimika pakona, n'kupita kukatola nandolo kumunda ndi chitenje chatsopano chomwecho.

Lolemba ndinanama ku ntchito kuti ndikudwala, n'kukwera kabaza kupita pa Khonjeni. Ndinkafuna munthu woti ndimukalipire. Bambo uja anatsitsa sipika atandiona nkhope.

"Munakatani kabokosi kaja?"

"Ndinakatsuka, mayi. Kanali kakuda."

"Kakuda bwanji?"

"Kompyuta inanena yokha kuti sikangatseguke mpaka kafomatidwe. Pano timatero tsiku lililonse. Memore khadi ikabwera ikukana, ndiye kuti yadya mavairasi, timaitsuka, imayambanso kugwira. Anthu amathokoza. Achimwene anuwo anati ndikatsegule, ndinakatsegula."

"Munali bambo anga mmenemo. Anamwalira."

Anavula chipewa. Anayang'ana pa benchi pamene panakhala anthu awiri, kenaka anatsitsa mawu. "Mayi, akanangondiuza. Akanati muli zinthu, sindikanadina. Ine nditakatsuka ndinapeza muli mbee, ndiye ndinaona kuti si bwino kubweza chinthu chachikulu chotere chopanda kanthu. Ndinakasiya masiku awiri kakudzaza. Ndinaika zonse zimene ndili nazo, mpaka kanakana kokha."

Ndinabwera kudzamenya wakuba, n'kupeza munthu amene ankaganiza kuti watipatsa basera.

Amisiri a ku Limbe aja anakatenga kabokosi n'kukhala nako sabata ziwiri. Pobweza sanazungulire. Anati kukanakhala kutsuka kokha, mavidiyo akanawabweza pafupifupi onse, chifukwa kufomata kwachangu kumangofufuta ndandanda, zinthu zenizenizo zimatsala pansi. Chimene chinapha ndi kudzaza kuja. Filimu iliyonse ya karate inakhala pamalo pamene panali ababa. Anapezamo tizidutswa tingapo, koma palibe kamene kanatseguka.

Ndinafufuza kakhadi kamene dona uja anasiya n'kumulembera imelo. Anayankha patapita sabata zitatu, mwachifundo kwambiri, mawu ambiri opepesa. Anati ntchito ija anaisiya, ndipo mavidiyo onse anawapereka ku nyumba yosungira zakale ya yunivesite yake, iye alibe kope. Ndinalembera a nyumba yosungira zakaleyo. Iwonso anayankha mwaulemu. Anati mavidiyowo alipo, akusungidwa bwino kwambiri m'malo atatu osiyana. Koma pa fomu imene ababa anasayina tsiku loyamba pali mzere wakuti, poteteza woyankhulayo, palibe amene angapatsidwe kope popanda chilolezo cholembedwa cha mwini mawu. Ndinawauza kuti mwini mawu ali m'manda, ndipo ine ndine mwana wake. Ananditumizira mafomu ena. Ndinadzaza, ndinatumiza. Anati pakusowa chidindo. Ndinakapeza chidindo, ndinatumizanso. Anati nkhaniyo ikakambidwa ku komiti. Ngati ndikufuna, anawonjezera, ndikhoza kupita konko kukaonera m'chipinda chawo chowerengera, khomo ndi lotsegula kwa aliyense.

Ndimasweka mtima ndikaganiza kuti ababa ali kutsidya kwa nyanja m'malo atatu, akupinda zala kutchula mayina a agogo anga, kuuza aliyense amene ali ndi khadi la yunivesite. Tiyi amene anathyola moyo wawo wonse anapita konko, wabwino kwambiri, ife n'kumamwa fumbi lake la pa geti. Sindinkadziwa kuti ndi mawu awo omwe adzatsata njira yomweyo.

Achimwene ndi ine timapatsana moni, timathandizana pa maliro ndi pa matenda, koma sitinakhalenso pansi kuseka. Iwo amati ndikanawauza za kufomata. Ine ndimati akanandimvera. Tonse tikunena zoona, ndipo n'chifukwa chake sizikutha. Kabokosi kali kwa iwo. Ndinamva kuti ana awo amaonerapo karate.

Tsiku loonetsa chiliza linafika. Abale a ku Goliati anabwera pa lole, a ku Thekerani pa njinga zamoto, ena atanyamula kalongonda wophikaphika m'ndowa. Kumanda abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa, ndipo aliyense anaona mzere wosalala pansi pa dzina la ababa, pamene mmisiri anasiya malo. Palibe amene anafunsa. Nkhani inali itafika kale kulikonse, nanga pa Khonjeni chimabisika n'chiyani? Achimwene anayankhula mwachidule, maso ali pa nsapato zawo.

Titabwerera kunyumba, anthu akudya panja, amama anandiitanira m'chipinda. "Paja unati kamodzi kanalowa," anatero.

Fulashi ija ndinali nayo m'chikwama. Ndinali nditaionera kale ndekha ku ofesi, ndipo sindinkafuna kuti iwo aione. Ndinawauza kuti mulibe chilichonse chanzeru, ndi kachidutswa koyesera makina basi, sikakwana ndi mphindi imodzi.

"Bweretsa," anatero.

Laputopu ya aphunzitsi inali idakali pa tebulo, poti achimwene anachita manyazi kukaibweza tsikulo lisanafike. Ndinatseka makatani kuti kuwala kuchepe. Amama anayalanso mphasa. Azakhali awiri analowa, kenaka achimwene anadzaima pakhomo. Ndinalowetsa fulashi, ndipo inatseguka popanda vuto lililonse.

Ndi tsiku loyamba, m'mawa. Ababa akhala pa mpando pansi pa mtengo wa mapeyala, akukonza kolala ya jekete. Dzanja la dona likulowa kudzawapanika kamaikolofoni pa chifuwa, iwo akuliyang'ana mokayikira. Akupukuta pakamwa ndi chikhatho. Akuyang'ana mu kamera, kenaka kumbali, ndipo akufunsa m'Chinyanja, "Kayamba kujambula?" Mawu a wotanthauzira akuyankha kuti ayi, akuyesa kaye. Ababa akuseka, kuseka kwawo kuja kotseka diso limodzi. Akukhala bwino pa mpando, akuika manja pa maondo. "Chabwino," akutero. "Kakayamba mundiuze. Ndili ndi zambiri."

Chithunzi chinaima pamenepo.

Panja mbale zinkagundana, wina ankaitana mwana. Amama anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anati ndibwerezenso. Ulendo wachitatu anasendera pafupi mpaka maondo anagunda mwendo wa tebulo, ndipo ababa atati, "Kakayamba mundiuze," amama anawayankha, mokweza pang'ono monga ankachitira ababa atayamba kugontha khutu.

"Kayamba, bambo ake. Ana ali pompano. Nenani."

Ababa anati ali ndi zambiri, ndipo chithunzi chinaima.